Star Wars inagwa tsiku limene inayamba kuopa owonera

Papita zaka kuchokera pamene The Rise of Skywalker inatuluka mu Disembala 2019, koma mkangano wa mafilimu atatu omaliza a Star Wars sunazirale. Okonda nkhaniyi akakumana, kaya pa intaneti kaya maso ndi maso, sipatenga nthawi kuti agawikane. Ena amaloza chala Rian Johnson, amene analemba ndi kutsogolera filimu yapakati, The Last Jedi, mu 2017. Amati munthuyu anatenga Luke Skywalker, ngwazi ya ubwana wawo, n'kumusandutsa nkhalamba yolusa yobisala pachilumba. Ena amati mlandu ndi wa kampani ya Disney, imene inanyamuka ulendo wa mafilimu atatu isakudziwa kumene ukathere. Mbali zonse ziwiri zili ndi kachoonadi kake, koma zaphonya pamene pagona nkhani. Chimene chinapha mafilimu amenewa ndi mantha. Eni ake atamva phokoso la anthu okwiya, anabweza mawu amene nkhani inali itanena kale, ndipo nkhani ikayamba kubweza mawu ake, wowonera sakhalanso ndi chifukwa choikhulupirira.

Tiyambire pamene George Lucas anaimira. Filimu yoyamba inatuluka mu 1977, yachiwiri, The Empire Strikes Back, mu 1980, ndipo yachitatu, Return of the Jedi, mu 1983. Muli zombo za m'mlengalenga, maloboti ndi malupanga owala, koma mtima wake ndi nkhani ya pabanja. Luke, mnyamata wokulira pamunda wa m'chipululu anazindikira kuti Darth Vader, munthu wa chisoti chakuda amene aliyense ankanjenjemera naye, anali bambo ake omubereka. Aphunzitsi ake ankafuna kuti akathane nawo. Iye anakana, n'kutaya lupanga lake pansi pamaso pa mfumu yankhanza Palpatine. Bambowo, poona mwana wawo akuphedwa ndi mphenzi zotuluka m'zala za mfumuyo, anainyamula n'kuiponya m'chidzenje chakuya, ndipo iwonso anamwalira patangopita nthawi yochepa. Kukoma konse kwa mathero amenewa kwagona pa chinthu chimodzi: imfa ziwirizo n'zenizeni. Munthu woipa anapereka moyo wake, ndipo zimene anagula ndi moyowo zinali zokhalitsa.

Mu Okutobala 2012 Lucas anagulitsa kampani yake ya Lucasfilm ku Disney pa mtengo wa madola 4 biliyoni ndi pang'ono, utsogoleri n'kupita m'manja mwa Kathleen Kennedy. Anasiyanso ndondomeko ya mmene iye ankafunira kuti nkhani ipitirire, koma eni atsopanowo anaiika pambali. Bob Iger, yemwe ankatsogolera Disney, anavomereza m'buku lake la 2019 kuti Lucas anaona ngati amuyenda pansi, komanso kuti ataonera The Force Awakens, filimu yoyamba mwa atatu atsopanowo, anadandaula kuti mulibe chatsopano.

Apa Lucas sananame. Filimu ya J.J. Abrams ya 2015 ili ndi mwana wamasiye wa m'chipululu, kaloboti konyamula chinsinsi, nkhalamba yofera m'manja mwa munthu wa chisoti chakuda, ndi chida chophulitsa mapulaneti chimene tinali titachiona kale kawiri konse. Komabe ine ndimaikhululukira zambiri, chifukwa pakati pa zobwerezazo inatipatsa anthu atsopano amene munthu ukhoza kuwakonda. Kumbukirani mmene tinamudziwira Finn. Asilikali ovala zoyera alowa m'mudzi usiku, onse ofanana ngati anawaumba pachikombole chimodzi. Mmodzi wa iwo akufa, ndipo asanatsirizike akukhudza chisoti cha mnzake, n'kusiyapo mizere itatu ya magazi. Kuchokera pamenepo maso athu sakumutayanso msilikali ameneyo, ndipo lamulo likaperekedwa loti aphe anthu a m'mudzimo, mfuti yake siilira. Kumbukiraninso Rey atakhala pansi panja pa chigoba cha makina ankhondo amene anawasandutsa nyumba, akudya kagawo kake ka buledi, atavala chisoti chakale cha woyendetsa ndege, pakhoma m'kati atajambula mizere ya masiku amene wakhala akudikira makolo ake. Anthu otere anali oyenera mafilimu atatu abwino.

Chimene Abrams anachita, monga mwa chizolowezi chake, ndi kufunsa mafunso n'kuchoka. Makolo a Rey ndani? Snoke, mbuye wa Kylo Ren, mdani watsopano wa chisoti chakuda uja, wachokera kuti? Nanga Luke akubisala chifukwa chiyani? Funso lachitatuli ndi limene okwiyira Johnson amaliiwala. Si Johnson amene anathamangitsira Luke kuchilumba. Mu The Force Awakens momwemo Han Solo akunena kuti Luke ankaphunzitsa ophunzira, mmodzi anamupandukira n'kuwononga zonse, iye anadziona wolakwa n'kusiya chilichonse. Mapulaneti anaphulitsidwa, mnzake wa pamtima Han anaphedwa, mlongo wake Leia ali pankhondo yekha, Luke osaoneka. Aliyense wolemba filimu yotsatira anayenera kuyankha kuti munthu wabwino angasiye bwanji abale ake pamoto wotere. Yankho loti ankafufuza nzeru zakale kapena ankadikira nthawi yabwino likanamupanga munthu wouma mtima. Yankho lokhalo lomveka ndi manyazi, ndipo ndi limene Johnson anasankha.

Manyaziwo ife sitifunika kuwafotokozeredwa kawiri. Ben Solo, amene anadzakhala Kylo Ren, ndi mwana wa mlongo wake wa Luke. Leia anamupereka m'manja mwa malume ake kuti amulere. Usiku wina malumeyo anaima pambali pa mphasa ya mwanayo ali mtulo, anaona mdima umene unali m'mtima mwake, ndipo kwa kamphindi kochepa anayatsa lupanga. Maganizowo anachoka nthawi yomweyo, koma mwanayo anali atadzuka kale, n'kuona malume ake ali chilili ndi lupanga loyaka. Kwa ife amene tikudziwa udindo wa malume pa ana a mlongo wake, n'zosavuta kumvetsa kuti munthu wotere sangathe kukayang'anana ndi mlongoyo m'maso. Amene amati Luke weniweni sakanachita zimenezi aiwala za 1983. Vader atangotchula zokopa Leia, Luke analusa, anamenya bambo ake mpaka kuwadula dzanja, kenako n'kudzigwira. Ndi munthu yemweyo: amapsa mtima msanga abale ake akakhala pangozi, ndipo amabwerera m'mbuyo asanafike pothera. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno kubwererako kunachedwa ndi kamphindi kamodzi.

Ndikudziwa kuti Mark Hamill mwini wake, amene wasewera Luke kuyambira 1977, ananena poyera kuti sanagwirizane ndi mmene Johnson anamulembera, ngakhale pambuyo pake anadandaula kuti nkhawa zakezo anazitulutsira kunja. Maganizo ake ndimawalemekeza. Koma yang'anani chimene iye ndi Johnson anapanga kumapeto kwa filimuyo. Pulaneti ya Crait ndi yoyera ndi mchere pamwamba, pansi pake dothi lofiira, moti aliyense akaponda pamatsala chizindikiro chonga magazi. Kylo Ren akusuntha phazi, dothi lofiira likuonekera. Luke akusuntha phazi, mchere uli chikhalire. Sali pamenepo n'komwe. Thupi lake lili kutali pachilumba chija, ndipo chimene asilikali onse akuwombera ndi chithunzi chake chabe. Wapulumutsa mlongo wake ndi anthu ochepa otsalawo, wapepesa mwana amene anamulakwira, ndipo sanavulaze munthu ndi mmodzi yemwe. Kwa ine palibe pena pamene Luke anafanana kwambiri ndi mnyamata uja anataya lupanga pamaso pa Palpatine kuposa apa.

Tsopano za pulani. Anthu ambiri amanena motsimikiza kuti mafilimu atatu amafunika kulembedwa onse asanayambe kujambulidwa. Zikanathandiza, sindikukana. Koma mafilimu amene anthuwa amawakonda nawonso sanayende choncho. Leigh Brackett, amene analemba zolemba zoyambirira za The Empire Strikes Back asanamwalire mu 1978, anali ndi bambo ake a Luke ngati mzimu wosiyana ndi Vader. Zoti Vader ndiye bambowo zinabwera pambuyo. Mu filimu ya 1980 Leia akupsompsona Luke pakamwa, zaka zitatu pambuyo pake tikuuzidwa kuti ndi mapasa, chinthu chimene mpaka lero chimaoneka kuti chinasokedwa mochedwa. Otsogolera analinso atatu osiyana: Lucas, Irvin Kershner ndi Richard Marquand. Nkhani inkapezeka m'njira.

Wina afunsa, ndipo n'koyenera kufunsa: nanga si kubweza mawu komweko? Mu 1977 Obi-Wan Kenobi anauza Luke kuti Vader anapha bambo ake, mu 1980 zinasintha. N'chifukwa chiyani izi ndikuzitamanda pamene za Rey ndikuzidzudzula? Yankho langa lagona pa amene akulipira. Kusintha kwa 1980 kunamuwonjezera Luke katundu. Mdani amene ankamuda ndi mtima wonse anasanduka magazi ake, mphunzitsi amene ankamukhulupirira anapezeka kuti anamubisira choonadi, ndipo njira yapafupi yopha mdaniyo inatsekeka. Palibe wowonera amene anapempha zimenezo. Johnson anachita chimodzimodzi ndi Rey, ndipo iye mwini anafotokoza kuti anafunafuna yankho limene likanamupweteka mtsikanayo koposa. Kylo Ren akumuuza kuti makolo ake anali anthu wamba ogulitsa zitsulo zotola, anamugulitsa kuti apeze ya mowa, ndipo anaikidwa m'manda a amphawi m'chipululu cha Jakku. Mtsikana amene ankawerenga masiku pakhoma akumva kuti palibe amene ankabwera. Ayenera kuima payekha, wopanda dzina la banja lomutsegulira khomo. Ndipo filimu ikutha ndi kamnyamata kosesa m'khola, kamene kakukoka tsache ndi mphamvu yosaoneka imene mafilimuwa amaitcha Force, popanda kudziwa kuti kachita chodabwitsa. M'dziko limene funso loti "ndiwe mwana wa yani" limatsegula ndi kutseka makomo, zimenezi zinali ndi tanthauzo kwa anthu ambiri, ine ndemwe.

Sindikunena kuti The Last Jedi ilibe zilema. Nthabwala zina za koyambirira sizikugwirizana ndi kulemera kwa nkhaniyo. Ulendo wa ku mzinda wa juga wa Canto Bight ndi wautali kuposa phindu lake. Ndipo cholakwa chachikulu, chimene Johnson ndi Abrams ayenera kugawana, ndi Finn. Uyu ndi munthu amene anabedwa ali khanda, anapatsidwa nambala m'malo mwa dzina, anaphunzitsidwa kupha, kenako anakana. Ife oyandikana ndi Mozambique, kumene pankhondo imene inatha mu 1992 ana ankagwidwa n'kupatsidwa mfuti, tikudziwa kuti nkhani yotere si yoseweretsa. Mafilimuwa anaitaya. Finn anakhala woseketsa anthu, wothamangira Rey, wowombera anzake akale mosangalala ngati kuti m'zisoti zoyerazo mulibe ana obedwa ngati iye. John Boyega, amene anasewera Finn, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, ananena mosabisa pocheza ndi magazini ya GQ mu 2020 kuti si bwino kuonetsa munthu wakuda pazotsatsa ngati wofunika kwambiri kenako n'kumukankhira pambali. Ananena zoona, ndipo amene timaikira kumbuyo filimu yapakatiyi tisamazembe mawu amenewa.

Koma chilema chimachizidwa popita patsogolo. Chimene chinachitika pakati pa 2017 ndi 2019 chinali kuthawa.

Kunena mwachilungamo, nthawiyo inali yovuta. Carrie Fisher, amene ankasewera Leia, anamwalira pa 27 Disembala 2016, pamene filimu yomaliza inayenera kutsamira pa Leia monga yoyamba inatsamira pa Han, yachiwiri pa Luke. Colin Trevorrow, amene anapatsidwa filimuyo poyamba, anasiyana ndi Lucasfilm mu Seputembala 2017, Abrams n'kubwerera ndi wolemba mnzake Chris Terrio nthawi itatha kale. Mu Meyi 2018 filimu ya Solo inalephera kufika madola 400 miliyoni, koyamba kuti Star Wars igwe pamsika. Pa intaneti napo panali potentha. Kelly Marie Tran, amene anasewera Rose Tico, anatukwanidwa chifukwa cha mtundu wake ndi maonekedwe ake mpaka anafufuta zonse pa Instagram mu Juni 2018. Si onse odana ndi The Last Jedi anachita zimenezi. Ambiri anangoikana filimuyo pa zifukwa zawo zomveka. Koma phokoso lonselo linafika m'makutu a eni ake ngati mawu amodzi, ndipo The Rise of Skywalker ikuoneka ngati kalata yopepesa yolembedwa ndime ndi ndime.

Kylo Ren anaphwanya chisoti chake mu 2017 pofuna kusiya kutsanzira agogo ake. Mu 2019 akuchiwotcherera, ming'alu yofiira ili poyera. Luke anataya lupanga kumbuyo. Tsopano mzimu wake ukuliwakha m'mwamba n'kunena kuti chida chotere chimafunika ulemu. Snoke anaphedwa kuti Kylo Ren akhale yekha pampando, wopanda womunamizira zoipa zake; tsopano tikuona matupi a Snoke ali m'thanki ya madzi, kusonyeza kuti anali chidole. Rose, amene anali pakati pa nkhani, akuoneka kwa mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Terrio anafotokoza kuti zigawo zake zina zinali pamodzi ndi Leia ndipo sizinatuluke bwino, koma amene anamutukwana mtsikanayo anaona kuti apambana, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa china chilichonse m'nkhani yonseyi. Rey uja wopanda dzina akuuzidwa kuti ndi mdzukulu wa Palpatine, ndipo makolo aja anamugulitsa chifukwa chomukonda. Daisy Ridley, amene anasewera Rey, anaulula mu 2020 kuti nkhani ya makolo a Rey inkasinthasintha: poyamba panali maganizo omulumikiza ndi Obi-Wan, kenako oti si mwana wa aliyense wodziwika, ndipo za Palpatine zinali zisanakhazikike ngakhale kujambula kutayamba.

Pamwamba pa zonsezi pali Palpatine mwini. Munthu amene tinamuona akuponyedwa m'dzenje, chombo chimene anali kukhalamo n'kuphulika, wadzuka. Mafilimu awiri apitawo sanamukonzere njira mpang'ono pomwe. Kufotokoza konse kumene tikupatsidwa n'kwakuti woyendetsa ndege Poe Dameron akuuza anzake kuti mwanjira ina yake Palpatine wabwerera. Uthenga wake woopseza, umene mawu otsegulira filimu akunena kuti wamveka ponseponse, m'filimumo mulibe. Unaulutsidwa m'masewera a Fortnite masiku ochepa filimu isanatuluke. Apa ndi pamene ndimadabwa ndi anthu amene amati Johnson ananyoza mafilimu akale. Ngati pali chipongwe chimene chinachitikira Return of the Jedi, ndi ichi. Vader anapereka moyo wake kuti mfumuyo ife. Mfumuyo ikapezeka ili moyo, itamanganso zombo zankhondo zosawerengeka mobisa, ndiye kuti bamboyo anangogula zaka 30 za mpumulo.

Matenda omwewa akuoneka ngakhale m'tinthu ting'onoting'ono. Rey akuphulitsa chombo chimene akuganiza kuti muli mnzake Chewbacca, akulira, ife tikugwira pamtima. Pasanathe mphindi zingapo tikuonetsedwa kuti anali m'chombo china. Loboti C-3PO akutsanzikana ndi anzake chifukwa zonse zimene akukumbukira zifufutika. Filimu isanathe zabwezeretsedwa. Pofika pamene Rey akugwa pansi atafa, ndani amene akuchita mantha? Aliyense amene anamverapo nthano madzulo akudziwa mmene zimayendera. Agogo akati "padangokhala", ife timayankha "tili tonse", timavomera nyimbo, timaseka, nthawi zina timadandaula. Gawo lathu ndi lenileni ndipo popanda ife nthano siikoma. Koma agogo akanena kuti mwana wosamvera uja anamezedwa ndi chilombo, ife n'kulira, iwo n'kunena kuti ayi sanamezedwe, ndiye kuti mawa lake chilombo chikatulukanso palibe mwana amene adzafinyike ndi mantha pafupi ndi mnzake.

Ndipo kupepesa konseko sikunagule chikondi cha aliyense. The Force Awakens inapeza madola 2 biliyoni ndi pang'ono, The Last Jedi 1.3 biliyoni, The Rise of Skywalker pafupifupi 1.07 biliyoni. Amene amati kutsika koyambako ndi umboni wotsutsa Johnson akumbukire kuti The Empire Strikes Back nayonso inapeza zochepa poyerekeza ndi filimu ya 1977, ndipo Attack of the Clones ya 2002 inatsika poyerekeza ndi The Phantom Menace ya 1999. Chimene chikuoneka bwino n'chakuti filimu yofuna kusangalatsa onse ndi imene inapeza zochepa koposa mwa atatuwo. Okonda The Last Jedi anakhumudwa, odana nayo sanabwerere ndi mtima wonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zolemba za Trevorrow zitatulukira pa intaneti mu 2020, anthu anaona kuti njira ina inalipo: Kylo Ren anakhalabe mdani wamkulu, ndipo Finn ndi Rose anali patsogolo pa kuukira kwa anthu wamba pa pulaneti ya Coruscant. Filimu yosajambulidwa n'njosavuta kuitamanda, ndipo zolembazo zinali ndi zofooka zake, koma zinkamanga pamwamba pa zimene zinalipo.

Owonera ali ndi ufulu wokwiya. Amalipira, ndipo ena akhala ndi nkhaniyi kuyambira ali ana. Chimene ndikukana n'chakuti mkwiyo wa chaka chimodzi ukhale maziko a nkhani yoti ikhale zaka makumi. Mkwiyo umasuntha. Mafilimu atatu a Lucas a 1999, 2002 ndi 2005 ananyozedwa koopsa. Ahmed Best, amene anasewera Jar Jar Binks, anaulula mu 2018 kuti chipongwe chimene analandira chinamufikitsa poganiza zodzipha. Hayden Christensen, amene anasewera Vader ali mnyamata, anasekedwa kwa zaka. Ana amene anaonera mafilimuwo atakula, zinthu zinatembenuka: Christensen atabwerera mu 2022 analandiridwa ndi m'manja, Best nayenso anapatsidwa gawo la ulemu mu The Mandalorian mu 2023. Mafilimu aja, ndi zolakwika zawo zonse, anali ndi chinthu chimene ankafuna kunena, za mmene dziko la ufulu limadziperekera lokha kwa wolamulira wankhanza, ndipo ananena mpaka kumapeto. N'chifukwa chake panapezeka choti ana aja abwerereko.

Mantha omwewa ndi amene akuchititsa kuti nkhope za akufa ndi za achinyamata akale zizibwezedwa ndi kompyuta. Peter Cushing anamwalira mu 1994, koma mu Rogue One ya 2016 akuyenda ndi kulankhula. Luke wachinyamata anatulukira kumapeto kwa gawo lachiwiri la The Mandalorian mu 2020, nkhope yosalala yosaphethira bwino. Anthu anakuwa ndi chimwemwe, ndipo chimwemwecho sindikuchinyoza. Koma nkhani ya bambo wa chisoti ndi kamwana kobiriwira inali itaima payokha, ndipo pa mphindi yake yofunika koposa inaperekedwa kwa mlendo wochokera ku 1983.

Umboni woti zikhoza kuyenda mwina ulipo, ndipo ndi wa kampani yomweyo. Andor, imene Tony Gilroy anaitsogolera m'zigawo ziwiri mu 2022 ndi 2025, inayamba tonse tikudziwa kuti Cassian Andor akafera pagombe kumapeto kwa Rogue One, ndipo sinayese kuzemba imfayo. Mulibe malupanga owala, mulibe wa banja la Skywalker wobwera kudzapulumutsa anthu. Muli ndende ya Narkina 5, yoyera mbee, kumene akaidi amayenda opanda nsapato chifukwa pansi pamadutsa magetsi, akugwira ntchito usana ndi usiku kumanga zitsulo zimene sakudziwa ntchito yake, mpaka ife tidzaone kuti ndi ziwalo za chida chija chophulitsa mapulaneti. Muli kapitawo wa akaidi, Kino Loy, amene akutsogolera anzake kuthawa, afika pakhomo lotulukira pamwamba pa nyanja, anzake akudumphira m'madzi, iye n'kuima chifukwa sadziwa kusambira. Muli pulaneti ya Ferrix kumene phulusa la womwalira amaliumba njerwa n'kuiika pakhoma. Zonsezi n'zatsopano, ndipo palibe chimodzi chimene chikufufuta zakale. Ukatha kuonera Andor, filimu ya 1977 imalemera kuposa kale, chifukwa tsopano ukudziwa anthu amene anafa kuti mapulani a chida chija afike m'kaloboti.

Mu Epulo 2023 Lucasfilm inalengeza kuti Daisy Ridley adzabwerera mu filimu ina ya Rey, akumanganso gulu la Jedi, ankhondo a malupanga owala onga Luke. Anzanga ena amene amadana ndi The Rise of Skywalker ngati ine amalakalaka filimu yotere itadzanena kuti za Palpatine zinali bodza, kapena Disney itangofufuta mafilimu atatuwo n'kuyambiranso. Apa ndimasiyana nawo. Kumeneko kukanakhala kubwereza tchimo lomwelo, kungoti ulendo uno lokomera ife. Zinanenedwa, zikhale. Rey ndi mdzukulu wa munthu amene anazunza maiko osawerengeka, anatenga dzina la Skywalker limene sanabadwe nalo, ndipo makolo amene adzamubweretsere ana awo kuti awaphunzitse ali ndi chifukwa chofunsa ngati zimene zinachitika ndi Luke sizichitikanso. Pali filimu yabwino m'menemo kwa wolemba amene angalimbe mtima kumusenzetsa katunduyo. Palinso asilikali zikwizikwi ovala zoyera amene nkhondo itatha anavula zisoti n'kupeza kuti sadziwa kwawo, sadziwa mayina awo, ndipo anthu amene anawawotchera midzi akuwadikira panja. Finn ndi mmodzi wa iwo, ndipo nkhani yake sinayambe n'komwe kufotokozedwa.